Chilolezo cha Usiku wa Ijuma

Masiku amenewo anthu akangochuluka pamalo amodzi, boma linkafuna kudziwa kuti asonkhanira chiyani, wawaitana ndani, ndipo abalalika nthawi yanji. Maliro okha ndiwo ankachitika popanda pepala, poti imfa siilemba kalata. Koma mpira wa midzi iwiri, chikondwerero cha mpingo, mpikisano wa magule, zonsezi zinkafuna chilolezo chodindidwa kupolisi. Msonkhano wopanda chilolezo sunkatchedwa msonkhano, unkatchedwa chiwembu. Ndipo munthu akatengedwa pa nkhani ya chiwembu, abale ake sankafunsa kuti abwerako liti.

Ine ndinali mphunzitsi pasukulu ina ya mishoni kufupi ndi Ntaja. Kwathu ndi kwa Kalembo, kutsidya kwa Shire, ndipo ndine Mkatolika chibadwire. Mudzi umene ndinkakhala unali wa Asilamu pafupifupi nyumba zonse. Tinkakhala bwino, ndisaname, koma ndinali ndi nthenda imodzi: Chingerezi chinkandiyabwa. Munthu akabwera kuti ndimulembere kalata ya kuboma, ndinkakhala pampando ngati ofesi yonse ya boma ili m'cholembera changa. Ndinkafunsa pang'ono, n'kulemba zambiri.

Mnzanga wapamtima m'mudzimo anali telala wina amene ankasokera pakhonde la sitolo, bambo wamfupi, wanthabwala, woti sungadutse pakhonde pakepo osakuseka. Ine ankanditcha Amwalimu a Chizungu. Chaka chimenecho ziyala inagwera mudzi wathu. Ziyala ndi chikondwerero chokumbukira kubadwa kwa Mtumiki, ndipo anthu amachokera kutali, ena wapansi, ena pamalole, atanyamula mbendera, kudzapemphera ndi kuchezera sikiri, kuyimba kwawo kotamanda Mulungu kumene amapumira pamodzi mpaka nthaka kumveka ngati ikugunda. Akuluakulu a mzikiti anasankha telalayo kuti atsogolere zokonzekera, ndipo iye anabwera kwa ine ndi pepala loyera.

"Amwalimu, tulutsani Chizungu chija chimakusowetsani tulo. Tikufuna chilolezo."

"Ndilembe kuti muyamba liti?"

"Usiku wa Ijuma, dzuwa likangolowa. Timaliza mawa lake masana, Inshaallah."

Ijuma ndinkaidziwa, ndi Lachisanu, tsiku limene masitolo onse ankatsekedwa masana. Ndinalemba m'Chingerezi kuti mwambo uyamba Lachisanu 6 koloko madzulo ndi kutha Loweruka masana. Ndinamuwerengera m'Chichewa kuti usiku wa Lachisanu, iye n'kugwedeza mutu kuti elo, ndi momwemo. Anadinda chala chake pansi. Ine, popanda wondipempha, ndinalemba dzina langa pambali pa chalacho monga mlembi, chifukwa ndinkakonda kuliona dzina langa papepala lopita kuboma.

Mkulu wa polisi anatiitana tonse awiri. Anali munthu wodekha, wosakweza mawu, ndipo sanatipatse chilolezo chabe, anatipatsa ntchito. Anati tikumbe zimbudzi, za amuna kwina za akazi kwina, kutali ndi chitsime. Migolo ya madzi akumwa ikhale m'ngodya zonse za bwalo. Ophika akhale kutali ndi mipanda yaudzu. Pakati pa bwalo pasiyidwe njira yoti galimoto ilowe wina akadwala. Koma chimene anabwereza katatu ndi chingwe: bwalo lathu linali m'mphepete mwa msewu umene malole ankathamangamo, choncho anati timange chingwe cholimba mbali yonseyo ndi kuikapo amuna ovala nsalu yoyera pamkono kuti munthu asadutse. Iye analonjeza kutumiza apolisi awiri Lachisanu madzulo. Pomaliza anati tcheyamani wa chipani auzidwe tsiku ndi nthawi, chifukwa mwambo waukulu chotere sungayambe iye asanalankhule. Kalata ya kwa tcheyamaniyo ndinalembanso ndine, tsiku lake lomwelo.

Sukulu itatsekera ndinapita kwathu kukathandiza amayi kufolera nyumba. Ndinadziuza kuti ndibwerera Lachinayi, kuti ndikhale ndi tsiku lathunthu loyendera zimbudzi ndi chingwe ngati mlembi wodziwa ntchito.

Lachinayi m'mawa ndinakwera basi pa Liwonde, khadi ya chipani ili m'thumba la malaya pamene dzanja lingafike msanga. Basi inali itadzaza mikanjo yoyera. Azimayi anali atafunda mipango yatsopano, ndipo pansi pa mipando anagonekapo mbendera zokulungidwa pansungwi. Ndinakhala ndi mkulu wina wandevu zoyera, ndipo poti pakamwa panga sipankakhala chete, ndinamuyamba.

"Abambo, mwalawiratu. Ziyala ndi mawa, lero mukagona kuti?"

"Mawa? Iyayi, ndi lero."

"Lero ndi Lachinayi," ndinatero ndi mawu aja ndinkakonzera ana a sitandade 3.

Mkuluyo anandiyang'ana ngati akundimvera chisoni. "Lachinayi likutha dzuwa likamalowa, mwanangu. Kwa ife usiku ndiwo umatsogola, usana umabwera pambuyo. Dzuwa la leroli likangolowa, ndiye kuti Ijuma yalowa. Kodi inu simudziwa?"

Zaka zinayi ndinakhala m'mudzi muja. Zaka zinayi ndinkamva fungo la lubani m'nyumba za anzanga Lachinayi lililonse madzulo, osafunsako ngakhale kamodzi kuti n'chifukwa chiyani amafukiza Lachinayi pamene tsiku lawo lalikulu ndi Lachisanu. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri. Ndinayang'ana anthu a m'basimo, ndinayang'ana ena amene tinkawapitirira akuyenda m'mbali mwa msewu ndi mitolo pamutu, ndipo ndinadziwa kuti onsewo akupita ku msonkhano wopanda chilolezo umene mlembi wake ndinali ine.

Ndinatsika basi dzuwa lili paliwombo n'kuthamangira kukhonde la sitolo. Telala anali atatseka makina, akupinda nsalu zoyera za oyang'anira chingwe. Sindinamupatse moni. Ndinamukalipira pamaso pa anthu, chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi, chifukwa anali wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri.

"Achimwene, mwandipha! Chilolezo chikuti mawa! Bwanji simunanene kuti Lachinayi?"

Anandikokera kuseri kwa sitolo. "Amwalimu, tsitsani mawu. Ine ndinati usiku wa Ijuma. Inu munandiwerengera kuti usiku wa Lachisanu. Wanama ndani?"

"Boma silidziwa zoti usiku umatsogola!"

"Nanga boma limagona liti?" anatero, koma nthabwalayo inafera pakamwa pake pomwepo. Aka kanali koyamba kumuona nkhope yake ilibe chiseko. Anafunsa kuti tcheyamani ndinamulembera tsiku liti. Nditamuuza, anakhala pansi padothi ndi mkanjo wake woyera. Tonse tinkadziwa mmene nkhaniyo idzamvekere: khamu la anthu lasonkhana tsiku limodzi apolisi asanafike, tsiku limodzi tcheyamani asanalankhule, ndiye kuti linafuna kukambirana zimene boma silinayenere kumva.

Ndinatenga njinga yanga n'kupalasa kupita kupolisi, chilolezo chili m'malaya, chitanyowa ndi thukuta. Mwamwayi mkulu uja analipo. Nditayamba kufotokoza, anadzuka n'kutseka chitseko. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo ndikukhulupirira kuti anandimvetsa, chifukwa anapukusa mutu n'kupuma mozama. Koma anati tsiku silingasinthidwe. Kope la chilolezocho linali litatumizidwa kale kuboma, ndipo iye akakhwatcha Lachisanu n'kulemba Lachinayi, mawa ofunsidwa adzakhala iyeyo.

"Bwana, anthu afika kale. Ndiwabweze bwanji?"

"Aphunzitsi, mvetserani. Ine lero sindinakuoneni, inunso simunabwere kuno. Ndikamva kuti pabwalo paja pali khamu lero, ndibwera, ndipo sindibwera ndekha." Anayang'ana pazenera. "Koma mlendo wofikira panyumba ya munthu safuna chilolezo. Sindinamvepo lamulo loletsa alendo."

Ndinabwerera ndi mawu amenewo ngati munthu wanyamula dzira m'manja. Telala ananditengera kwa ashehe, mkulu wa mzikiti, amene anamvetsera atatseka maso. Zinawapweteka, ndinaona ndekha. Usiku umenewo ndiwo anthu anauyendera mitunda, ndipo sakanausuntha ngati mpando. Koma anavomera. Anati alendo agawidwe m'nyumba, aliyense apemphere kumene wafikira, pasamveke sikiri pabwalo, mbendera zisatambasulidwe, ndipo mwambo wa pagulu uyambe mawa madzulo monga pepala likunenera.

Sindinaonepo mudzi ukugwira ntchito ngati masana amenewo. Amuna ovala nsalu yoyera pamkono anaima panjira zonse zolowera m'mudzi, gulu likafika n'kuligawa, awa uku, awa uko. Nyumba ya zipinda ziwiri inkalandira anthu odzaza kalasi. Ena anawapititsa kumidzi yoyandikana. Mabanja ochepa achikhristu amene analipo anatsekula zitseko osafunsa zambiri, ndipo kwanga ndinaikako azibambo mpaka kukhitchini. Azimayi anasamutsa miphika ikuluikulu pabwalo n'kukaphikira kuseri kwa nyumba zawo. Anthu ankanong'ona. Mwana akalira, amayi ake ankamutseka pakamwa ngati kulira nakonso kumafuna chidindo. Dzuwa litapendeka, bwalo linali mbee, chingwe chokha chikugwedezeka m'mbali mwa msewu, ndipo mtima wanga unayamba kubwerera m'malo.

Pamene ankaitanira pemphero la kulowa kwa dzuwa, tinamva nyimbo kuchokera kumsewu. Inali lole yochedwa, yodzaza thothotho, yochokera kutali kumene uthenga wathu sunafike. Anthu ake anali atatambasula kale mbendera. Amuna athu a panjira anaibayibitsa kuti iime, koma dalaivala anaganiza kuti akumulonjera, anawaimbira hutala n'kukhotera pabwalo penipeni. Anthu anatsika akuyimba. Asanathe n'kutsika komwe, anali atapanga bwalo n'kuyamba sikiri.

Telala anathamanga, manja ali m'mwamba, akufuula m'Chiyao kuti asiye. Ndani akanamumva? Kuyimba kuja kunalowa m'nyumba zonse m'mene tinabisa anthu. Munthu wayenda masiku awiri, wakhala chete masana onse m'chipinda chotentha, ndiye amve anzake ayamba. Zitseko zinatseguka. Ndinaima pakhomo panga kuyesa kuletsa alendo anga, koma mkulu wina anandisuntha paphewa mwaulemu ndithu, ngati akusuntha nsalu yotchinga pakhomo, n'kudutsa. Posakhalitsa njira zonse zinali zoyera ndi mikanjo, onse kulowera kubwalo.

Khamu linakula mpaka linayamba kukankhikira kumsewu, kukuchita mdima, malole akudutsa. Apa ndinaiwala za chilolezo. Telala anandiponyera nsalu yoyera, ndinaimanga pamkono, tinakagwira chingwe pamodzi ndi amuna ena. Zikhomo ziwiri zinazuka, ife tinakhala zikhomo. Chingwe chinandisupula zikhatho, misana ya anthu ikundikankha pachifuwa, kumbuyo kwanga mphepo ya malole ikundiomba m'khosi. Tinakuwa, tinakankha, mpaka ashehe anatuma anthu kukasunthira sikiri kumtunda kwa bwalo, khamu n'kutsatira. Palibe anagundidwa. Mayi mmodzi anakomoka, ndipo anamutulutsa mosavuta kudzera m'njira ija tinasiya pakati. Madzi analipo, moto sunagwire mpanda uliwonse. Chilichonse chimene mkulu wa polisi analamula tinachita, kupatula tsiku.

Ndili pachingwepo ndinaona anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira aja, ataima kutsidya kwa msewu ndi njinga imodzi. Anayang'ana kanthawi, kenaka anakwezana n'kulowera kumene kunkakhala tcheyamani.

Galimoto ya polisi inafika m'mawa, anthu akumwa tiyi. Munatsika mkulu wa polisi uja, apolisi ena atatu, ndi tcheyamani, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Anatiitana awiri amene maina athu anali papepala, n'kutiimika pafupi ndi galimoto. Mkulu wa polisi sanandiyang'ane n'komwe, ngati sanandionepo chibadwire. Wofunsa anali tcheyamani.

"Pepala ili likuti Lachisanu. Kalata yanga ikuti Lachisanu. Anaitana anthu Lachinayi ndani?"

"Ndine, bwana," anatero telala. Sanadikire kuti funso lifike kwa ine. "Uthenga wa kumidzi ndinatumiza ndine. Aphunzitsiwa anali kwawo."

Tcheyamani anatembenukira kwa ine. Anayang'ana nsalu yoyera imene ndinaiwala kumasula pamkono, n'kuyang'ana manja anga osupuka.

"Aphunzitsi, inu mumadziwa kuti anthu asonkhana dzulo?"

Yankho ndinali nalo lonse, lokonzeka bwino. Ntchito yanga inali yofotokozera anthu zinthu. Ndikanati, bwana, palibe chiwembu apa, pali mawu amodzi amene awa amawamva mwina, ife timawamva mwina, ndipo wolakwa ndine amene ndinalemba osafunsa. Mphindi imodzi ikanakwana. Koma ndikanatero, funso lotsatira likanakhala lakuti ndinazindikira liti, ndipo nditazindikira ndinauza yani, nanga bwanji sindinathamangire kwa tcheyamani. Ndinaganiza za amayi anga kwa Kalembo. Ndinaganiza za ntchito yanga. Kunena zoona, kwambiri ndinaganiza za kumbuyo kwa galimoto ija, kumene chitseko chake chinali chotsekula kale. Ndinachita mantha, mantha enieni.

"Iyayi, bwana," ndinatero. "Ine ndinalemba Lachisanu."

Sindinaname pa mawu achiwiriwo, ndipo zaka zambiri ndinkadzitonthoza nawo. Telala sananditembenukire. Anavula chipewa chake, n'kuchivalanso bwino, n'kukwera yekha asanamugwire. Anthu anauzidwa kuti abalalike nthawi yomweyo, ndipo anabalalika mwakachetechete, mbendera zitakulungidwanso. Madzulo ake, nthawi imene chilolezo changa chinkayamba kugwira ntchito, pabwalo panali mbuzi zokha.

Patapita masiku anayi, akazi a telala anabwera kwanga masana. Anagwada pakhomo monga ankachitira nthawi zonse, anandipatsa moni mwaulemu wonse, n'kutulutsa pepala loyera m'nsalu yawo. Anati apita kupolisi kawiri, auzidwa kuti amuna awo anatumizidwa kwina, koma kumeneko palibe akukutchula. Wina anawalangiza kuti alembe kalata kuboma yofunsa kumene ali, kuti mwina awapititsire bulangete ndi mankhwala awo a chifuwa.

"Aphunzitsi, m'mudzi muno wodziwa Chizungu ndinu nokha. Tithandizeni."

Ndinawalowetsa m'nyumba. Ndinatseka chitseko, chinthu chimene sindinkachita ndikamalembera anthu makalata. Ndinakhala patebulo, ndinasalaza pepala, ndinatenga cholembera. Kenaka ndinakumbukira kuti kuboma ndi kwa tcheyamani kuli kale makalata awiri a dzanja langa, ndipo kalembedwe kanga, kopendekera bwino kaja ndinkanyadira, mwana aliyense akanakazindikira. Kalata yachitatu yofunsa za munthu wa chiwembu ikanaikidwa pambali pa awiriwo.

Ndinasamutsira cholembera kudzanja lamanzere.

Mayiwo sankadziwa kuwerenga, koma kwa zaka zinayi ankandiona ndikulembera anthu makalata pakhonde la amuna awo, ndipo ankadziwa dzanja limene ndimalembera. Anayang'ana dzanja langa likukwawa papepala ngati la mwana woyamba sukulu, zilembo zikugwa uku ndi uku. Nditamaliza anadinda chala chawo pansi, pambali pake n'kukhala popanda dzina. Anapinda kalatayo, anaimanga m'nsonga ya nsalu, n'kuimirira.

"Zikomo kwambiri, aphunzitsi," anatero. "Pepani takuvutitsani."